Kugawikana Kumene Kumakulitsa Zamoyo



Pepala ili tiliwerenga mosinthana, ndime imodzi munthu mmodzi, monga tichitira nthawi zonse. Pamene pali funso tiziima n'kukambirana. Amene afuna kungomvetsera, amvetsere momasuka.

Mawu akuti "kugawikana" sitiwakonda. Tikamva kuti banja lagawikana, mpingo wagawikana kapena chipani chagawikana, timadziwiratu kuti kwagwa zovuta. Ife amene timaphunzira za umodzi wa mtundu wa anthu sabata ndi sabata, mawuwa amatibaya ngati minga. Komatu kuli kugawikana kwa mtundu wina, kumene pakanapanda iko sikukanakhala khanda ku Bwaila, chimanga ku Chitedze, ngakhale mtengo umodzi wa jakaranda ku City Centre. Thupi la munthu, la mbuzi ndi la mtengo linamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene timatchedwa maselo, ndipo thupilo limakula chifukwa maselowo amagawikana.

Wina angafunse kuti, nanga bayoloje ya kusekondale yalowa bwanji m'gulu lathu lophunzira? 'Abdu'l-Bahá anayerekeza sayansi ndi chipembedzo ndi mapiko awiri a mbalame imodzi, nachenjeza kuti chipembedzo chokana sayansi chimagwera m'zikhulupiriro zopanda maziko. M'nkhani zimene ankakamba pa nthawi ya chakudya ku 'Akká pakati pa 1904 ndi 1906, poyankha mafunso a Laura Clifford Barney, ankasanja zolengedwa m'magulu anayi: miyala ndi dothi, zomera, zimene zinapatsidwa mphamvu ya kukula, nyama, zimene pamwamba pa kukula zimamva ndi kuona, ndi munthu, amene ali nazo zonsezi kuphatikizapo nzeru yofufuza zobisika. Mphamvu ya kukula ija kawirikawiri timangoitchula n'kudutsa. Mulu wa mchenga umakula wina akathirapo wilibala ina. Chamoyo chimakula kuchokera m'kati. Tiyeni tione m'katimo.

Mu 1665 Robert Hooke wa ku London anadula kachidutswa kopyapyala ka khungwa la mtengo limene amapangira zotsekera mabotolo, nakaika pa maikulosikopu. Anaona tizipinda tondandana ngati chisa cha njuchi, ndipo dzina limene anatipatsa likuchokera ku mawu a Chilatini otanthauza kachipinda. Panapita zaka pafupifupi 200 anthu asanagwirizane za kumene tizipindato timachokera. Ena ankati timangoundana tokha m'madzi a m'thupi, monga mchere uundana madzi akauma. Robert Remak, dokotala wa ku Berlin, poyang'ana magazi a mwanapiye akadali m'dzira, anaona kuti selo latsopano limabadwa pamene selo lakale lagawikana pawiri. Amene anabukitsa mfundoyi mu 1855 ndi Rudolf Virchow, ndipo ulemu wambiri unapita kwa iye. Remak anali Myuda, ndipo chifukwa cha ichi anavutika kwambiri kupatsidwa udindo woyenera nzeru zake. Tsankho silisiya ngakhale chipinda choyezera zinthu. Pambuyo pake Walther Flemming wa ku Kiel anathira utoto pa maselo a kanyama kooneka ngati buluzi kotchedwa salamander, naona tinthu tonga ulusi tikundandana pakati pa selo kenaka n'kupatukana. Mu 1882 anatcha ntchitoyi mitosis, kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza ulusi.

Ulusi umene Flemming anaona ndi umene lero timautcha makromozomu. Selo la munthu lili ndi makromozomu 46, chiwerengero chimene chinatsimikizika mu 1956. M'makromozomuwo muli DNA, malangizo onse a mmene thupi liyenera kumangidwira ndi kugwirira ntchito, olembedwa ndi zilembo za mitundu inayi yokha. DNA ya m'selo limodzi itati itambasulidwe ingatalike pafupifupi mamita awiri, ndipo ili ndi zilembo zokwana ngati 6 biliyoni.

Tsono apa ndi pamene tiyenera kudekha. Selo silidzuka n'kungodziduladula. Limayamba ladya ndi kukula. Kenaka limakopera malangizo onse aja, chilembo ndi chilembo, ntchito imene m'selo la munthu imatenga maola ngati asanu ndi atatu. Tonse tinapangitsapo fotokope ku Old Town, ndipo tikudziwa kuti tsamba lina limatuluka lodetsedwa, lina lodulidwa m'mphepete, lina amalidumpha. Selo lili ndi tizida towerenganso zimene zakoperedwa ndi kukonza polakwika. Likamaliza limaima kaye n'kufufuza ngati zonse zakoperedwa bwino. Pokhapo m'pamene makromozomu amadzipinda n'kufupika, n'kundandana pakati penipeni pa selo, lililonse lili ndi mnzake wofanana naye amene wangokoperedwa kumene. Tizingwe timatuluka kumbali ziwiri za selo n'kugwira makromozomuwo. Selo limadikira mpaka kromozomu yomaliza yagwidwa mbali zonse ziwiri. Ikatsala imodzi yokha, ntchito yonse imaima. Zonse zikagwidwa, tizingwe timakoka, 46 kupita uku, 46 kupita uko, ndipo selo limadzimanga m'chiuno mpaka kuduka. M'zomera, m'malo modzimanga m'chiuno, limamanga khoma latsopano pakati.

Ulendo wonsewu umatenga pafupifupi tsiku limodzi, koma kupatukana kwenikweniko kumatenga ngati ola limodzi basi. Nthawi yotsalayo ndi ya kukonzekera. Ndipo taonani kuti maselo awiri atsopanowo salandira theka-theka la malangizo monga ana agawana munda wa makolo. Lililonse limalandira malangizo athunthu.

Tiime pano. Ndi zinthu ziti m'moyo wathu zimene tikagawana zimachepa, ndipo ndi ziti zimene tikagawana aliyense amatenga zathunthu?

Amene amakonda masamu atenge cholembera. Selo limodzi likagawikana timapeza awiri, kenaka 4, 8, 16. Pa ulendo wa khumi tili pa 1,024. Pa ulendo wa 20 tadutsa miliyoni imodzi, pa wa 30 tadutsa biliyoni. Pa ulendo wa 45 tafika pa 35 thililiyoni, chiwerengero choyandikana ndi maselo onse a m'thupi la munthu wamkulu. Thupi silimangidwa molunjika chotere, pakuti maselo ena amasiya msanga kugawikana pamene ena amapitiriza moyo wonse, koma masamuwa akutionetsa chifukwa chake chinthu chimene chinali chochepa kuposa kadontho ka pa mapeto a chiganizo chino chimabadwa ndi makilogalamu atatu patangopita miyezi isanu ndi inayi.

Aliyense wa ife anayamba ngati selo limodzi. Dzira la mayi linabwera ndi makromozomu 23, mbewu ya bambo inabwera ndi 23, pakuti maselo oberekera okha ndiwo amapangidwa mwa kugawikana kwa mtundu wina kotchedwa meiosis, kumene kumachepetsa chiwerengero ndi theka ndi kusakaniza za agogo a mbali zonse. N'chifukwa chake ana a mimba imodzi safanana ndendende. Patapita tsiku limodzi kapena kupitirira pang'ono, selo loyambalo linagawikana. Koma m'masiku oyambirirawo mumachitika chinthu chodabwitsa. Maselo amachuluka, koma kamluza sikakula. Selo lililonse latsopano limakhala laling'ono kuposa lakale, ngati mbamu ya nsima imene tikungoinyema tizidutswa. Kukula kwenikweni kumayamba kamluzako katadzimatika ku chiberekero, pakutha pa sabata yoyamba, n'kuyamba kulandira chakudya kuchokera kwa mayi. Kuchuluka kokha si kukula ayi. Payenera kukhala podyera.

Kenaka maselo, ngakhale onse ali ndi malangizo ofanana, amayamba kuwerenga masamba osiyana. Awa akhala khungu, awa fupa, awa diso, mpaka mitundu yoposa 200. Pa sabata yachisanu ndi chimodzi ya mimba, mtima umakhala utayamba kale kugunda. Dzanja limayamba ngati kankhafi kopanda zala. Zala zimaoneka pamene maselo amene ali pakati pake afa mwadongosolo, pa nthawi yake, monga malangizo anenera. Tiyang'ane manja athuwa. Mipata ili pakati pa zala zathu inatsegulidwa ndi maselo amene ntchito yawo inali kuchokapo.

Amene tinaphunzira Buku Loyamba la Ruhi tikukumbukira fanizo la mwana wa m'mimba: amamera maso kumene kulibe choona ndi miyendo kumene kulibe poyenda, chifukwa ziwalozo adzazifuna m'dziko limene sanalione. Chimodzimodzi ifenso tili pano kukonza makhalidwe auzimu amene tidzawafune m'dziko likudzalo. Tikadziwa za maselo fanizoli limakoma kwambiri. Palibe selo ndi limodzi lomwe m'diso la mwanayo limene linaonapo kuwala. Lililonse linangochita kagawo kake, kukopera mokhulupirika, kufufuza, kugawikana, ndipo diso linapangika.

Koma tisamale kuti fanizo lisatipitirire. Selo si mzimu, ndipo mzimu sugawikana. Mu 1921, miyezi yochepa asanamwalire, 'Abdu'l-Bahá analembera kalata Auguste Forel, katswiri wa ku Switzerland wa matenda a maganizo amenenso anatchuka pofufuza za nyerere. M'kalatamo anafotokoza kuti zinthu zooneka zimakhalapo pamene tizigawo taphatikizana, ndipo anafunsa ngati kuphatikizanaku kumachitika mwangozi, kapena mokakamizika ndi chikhalidwe cha tizigawoto, kapena mwa chifuniro cha Mphamvu yosaoneka. Yankho lake linali lachitatulo. Chilichonse chophatikizidwa chimadzaphwasuka, ndipo thupi lathu lili m'gulu limeneli. Mzimu sunaphatikizidwe ndi tizigawo, choncho suphwasuka. Maselo a pakhungu pathu lero si amene tinali nawo chaka chatha, komabe amene analonjeza chaka chatha ndi yemweyo amene ayenera kukwaniritsa lero.

Za zomera aphunzitsi athu abwino ndi anzathu amene amasamalira maluwa m'nyumba za ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, ngakhale ambiri a iwo sanaonepo maikulosikopu. Chomera sichikula paliponse monga mwana. Maselo ake ogawikana ali pa malo osankhika: kunsonga kwa nthambi, kunsonga kwa muzu, ndi pa timaso tobisika pamene tsamba lalumikizana ndi tsinde. Nsonga ya pamwamba imatumiza mankhwala otsika nawo m'tsinde oletsa timaso ta m'munsi kuphuka. Tikadula nsongayo, timaso timadzuka n'kuyamba kugawikana. Ichi n'chifukwa chake mpanda wa maluwa wometedwa kawirikawiri umathithikana, pamene wosiyidwa umangotalika n'kukhala mbee m'munsi. Mlimi wa fodya ku Kasungu kapena ku Dowa amadziwa zomwezi: akadula nsonga kuti masamba anenepe, amabweranso kudzathothola mphukira. Kapinga ndiye wochenjera. Maselo ake ogawikana ali pansi penipeni, pafupi ndi dothi, kumene chotchetchera kapena mano a mbuzi safikako. Timamutchetcha Loweruka, pofika Lachitatu waphukanso.

Tonse taonapo zikwangwani zokhomedwa pa mitengo m'misewu ya mzinda uno. Msomali umene unakhomedwa pa msinkhu wa pachifuwa zaka khumi zapitazo ukadali pa msinkhu womwewo, ngakhale mtengowo watalika kwambiri. Chimene chasintha n'chakuti thunthu laumeza, pakuti pansi pa khungwa pali kamzere kopyapyala ka maselo ogawikana kamene kamanenepetsa mtengo chaka ndi chaka. Wokwatitsa mango amayesetsa kuti kamzere aka ka nthambi ndi ka tsinde tigundane bwino asanamange ndi pulasitiki. Tikapanda kugundana, nthambi imauma. Ndipo tikabzala kamtengo ka chinangwa kapena tsinde la mbatata, tikudalira kuti maselo a chomera amatha kubwerera m'mbuyo n'kuyambanso kupanga mizu pamene panalibe mizu.

Ife akuluakulu tinasiya kutalika pamene timalo togawikana ta kumapeto kwa mafupa athu tinatsekeka, titatha msinkhu. Koma kugawikana sikunaime. Pa sekondi iliyonse, m'kati mwa mafupa athu mukupangidwa maselo ofiira a magazi oposa 2 miliyoni, olowa m'malo mwa akale amene amakhala masiku ngati 120. Khungu la m'kati mwa matumbo limasinthidwa pasanathe sabata. Munthu akapereka magazi, thupi limabwezeretsa. Chilonda chimapola chifukwa maselo a m'mphepete mwake amagawikana n'kumasendera pakati pansi pa nkhanambo. Koma maselo ambiri a ubongo ndi a mtima sagawikananso, n'chifukwa chake sitiroko imasiya chilema chovuta kuchira.

Zonsezi zimafuna zipangizo. Selo silingakopere DNA popanda mavitamini ena, makamaka folic acid, amene amapezeka m'masamba obiriwira monga bonongwe, chisoso ndi nkhwani, komanso mu nyemba ndi mtedza. Kachubu kamene kadzakhale ubongo ndi msana wa mwana kamatsekeka m'masiku 28 oyambirira, pamene amayi ambiri sanadziwe n'komwe kuti ali ndi pakati. Ichi n'chifukwa chake achipatala amalimbikitsa kuyamba sikelo msanga ndi kumwa mapiritsi oonjezera magazi amene amapereka kumeneko. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno, 37 anali opinimbira. Kupinimbira sikungokhala kufupika kwa msinkhu. Ndi chizindikiro chakuti m'masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pamene mayi watenga pakati kufika pamene mwana wakwanitsa zaka ziwiri, maselo ankafuna kugawikana koma zipangizo zinapelewera kapena matenda otsegula m'mimba anazilanda. Zambiri zimene zatayika pa nthawi imeneyo sizibwezeretseka ndi chakudya cha pa zaka khumi. Akulu anati m'mera mpoyamba.

Apa tiyankhule mosabisa, pakuti m'magulu athu ophunzira muno mu Lilongwe mumakhala olemba ntchito ndi olembedwa ntchito pa mphasa imodzi. Area 47 ndi Mtandire zayandikana kwambiri moti munthu amayenda wapansi. Mayi amene amatichapira ndi kutiphikira, malipiro amene timam'patsa pa mapeto a mwezi ndiwo amasanduka dzira, usipa ndi likuni phala la mwana wake, ndipo zakudyazo ndizo zimasanduka maselo a ubongo wa mwanayo. Tikachedwetsa malipirowo ndi masabata awiri chifukwa tatanganidwa, maselo aja sadikira. Tikamufuna kuntchito kuyambira m'bandakucha mpaka usiku ali ndi khanda la miyezi itatu, tamulanda mwanayo bere. Timaphunzitsa ana makhalidwe abwino m'makalasi athu Lamlungu lililonse, ndipo n'zabwino. Kodi tikudziwa kuti ndi angati mwa iwo amene anabwera atadya?

Tsopano tione mbali inayo. Chodabwitsa chachikulu cha maselo si chakuti amagawikana kokha, komanso chakuti amadziwa poimira. Chilonda chikatsekeka, maselo a mbali iyi akakhudzana ndi a mbali inayo, amasiya. Leland Hartwell, Tim Hunt ndi Paul Nurse analandira mphotho ya Nobel mu 2001 chifukwa chotulukira tizida timene timauza selo nthawi yopita ndi nthawi yoima. Awiri mwa iwo anafufuza izi mu yisiti, wachibale wa amene amafufumitsa mandasi, ndipo zinapezeka kuti tizida ta mu yisiti ndi ta mwa munthu n'tofanana kwambiri. Selo likaonongeka koti silingakonzeke, limalamulidwa kufa kuti thupi lipulumuke. Khansa imayamba pamene mabuleki amenewa aduka m'selo limodzi. Selolo limagawikana osafufuza, osamvera anzake, osalola kufa, ndipo ana ake onse amatengera vuto lomwelo.

Dziko lathu lili m'mbiri ya kafukufuku wa zimenezi. Mu 1958 Denis Burkitt, dokotala wa opaleshoni pa chipatala cha Mulago ku Kampala, analemba za chotupa cha m'nsagwada mwa ana. Mu 1961 iye ndi anzake awiri anayenda pa galimoto m'maiko ambiri a kuno, kuphatikizapo Nyasaland, akufunsa m'zipatala kumene chotupachi chimapezeka. Anaona kuti chimachuluka kumalo otsika, otentha ndi achinyezi, monga m'mphepete mwa nyanja yathu, ndipo chimasowa kumapiri ozizira. Malo amenewo ndi omwenso malungo amakhala chaka chonse. Mu 1964, m'maselo a chotupa chomwechi munapezeka kachilombo kotchedwa Epstein-Barr, koyamba kudziwika kuti kamakhudzana ndi khansa ya munthu. Malungo obwerezabwereza ndi kachilomboka zimakakamiza maselo oteteza thupi kugawikana mopitirira, ndipo m'chipwirikiticho chidutswa cha kromozomu ya nambala 8 chimatha kukamatika pa ya nambala 14. Zikatero selolo siliimanso. Khansa ya Burkitt ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri mwa ana a m'Malawi, ndipo imakula mofulumira moti maselo ake amatha kuwirikiza kawiri pa tsiku limodzi kapena awiri.

Kufulumira komweko ndiko kufooka kwake, chifukwa mankhwala a khansa amagwira maselo amene ali pakati pa kugawikana. Ana ambiri ofika msanga ku Kamuzu Central Hospital kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre amachira. Koma tikumbukire masamu athu aja. Sabata ziwiri zotha kwa sing'anga, kapena zotha kukangana za amene walodza mwana, si sabata ziwiri wamba. Mwana akatupa tsaya, diso kapena mimba, ndipo kutupako kukukula tsiku ndi tsiku, tsiku lopita kuchipatala ndi lomwelo.

Khansa ya khomo la chiberekero imayenda mosiyana, mwakachetechete. Malawi ali m'gulu la maiko amene khansayi imapha amayi kwambiri pa dziko lonse. Imayamba ndi kachilombo ka HPV, kamene kamalowa m'maselo a pa khomo la chiberekero n'kudula mabuleki aja. Pamatenga zaka 15 kapena 20 kuti khansa ionekere, kapena zaka 5 mpaka 10 mwa mayi amene chitetezo chake chatsika, monga amene ali ndi HIV. Zaka zimenezi ndi mwayi wathu. Namwino akapaka viniga pa khomo la chiberekero, maselo amene ayamba kusokonekera amayera, ndipo amatha kuotchedwa kapena kuumitsidwa asanasanduke khansa. Kuyambira mu Januwale 2019 boma linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka zisanu ndi zinayi m'dziko lonse. Mphekesera yakuti katemerayu amatseka mimba ndi yabodza, ndipo ife amene timati munthu aliyense afufuze yekha choonadi sitiyenera kuitumiza pa WhatsApp. Abambo, nkhani iyi si ya amayi okha. Kachilomboka amanyamula ndi amuna omwe, ndipo m'mabanja ambiri mayi sapita kukayezetsa mwamuna wake akakwinya nkhope.

Pali kaduwa kena kofiirira kapena koyera, ka masamba asanu, kamene kamamera pafupifupi m'bwalo lililonse muno mu Lilongwe. Kwawo ndi ku Madagascar. Kuchokera m'masamba ake akatswiri anapeza vincristine, mmodzi mwa mankhwala amene ana odwala khansa ya Burkitt amalandira. Ntchito yake ndi kuphwasula tizingwe tokoka makromozomu tija kuti selo lilephere kumaliza kugawikana. Popeza mankhwala a khansa sasankha bwino, amagwiranso maselo abwino amene amagawikana msanga. Ichi n'chifukwa chake wodwala amathothoka tsitsi, amatuluka zilonda m'kamwa ndipo magazi amachepa. Achibale ena akaona izi amati mankhwala akumupha n'kumuthawitsa m'chipatala, pamene izi ndi zizindikiro zodziwika zimene zimatha akamaliza. Ndipo pasapezeke wina wokaphika kaduwako, pakuti n'kapoizoni. Bahá'u'lláh anatilamula m'Kitáb-i-Aqdas kuti tikadwala tipite kwa madokotala odziwa ntchito yawo. Pemphero la machiritso timalinena tili pa mzere wa kuchipatala, osati m'malo mwa mzerewo.

M'kalata yake kwa Mfumukazi Victoria, Bahá'u'lláh anayerekeza dziko lonse ndi thupi la munthu, limene linalengedwa langwiro koma lagwidwa ndi matenda. Fanizoli n'losavuta kuligwiritsa ntchito molakwika. Tisatuluke muno tikuloza munthu kapena mtundu wa anthu kuti awa ndiwo khansa ya dziko. Mawu otero atsogolerapo kale ku kuphana. Ndiponso tisaganize kuti wodwala khansa anachimwa kuposa ife. Selo losokonekera lilibe maganizo. Ndi cholakwika cha pokopera, ndipo chingagwere wopemphera ndi wosapemphera chimodzimodzi. Chimene tingatengepo n'chakuti m'thupi lathanzi selo lililonse limalandira kuchokera kwa onse ndi kupereka kwa onse, ndipo chotupa chimadzikokera mitsempha ya magazi kuti chidye chokha uku thupi likuonda. Khalidwe limenelo aliyense alifufuze mumtima mwake, m'bizinesi yake ndi mu ofesi yake.

Gulu lathu lino nalonso lidzagawikana, ndipo ena mwa ife zimatiwawa tikaganiza. Tazolowerana, tikudziwa amene amafika mochedwa ndi amene amabweretsa mtedza. Koma gulu likapitirira anthu khumi ndi angapo, ofatsa amasiya kuyankhula ndipo akutali amayamba kujomba. Selo nalo likakula kwambiri, chakudya cholowera kukhungu kwake sichikwaniranso m'kati. Amene akumaliza Buku Lachisanu ndi Chiwiri akukonzekera kukayambitsa magulu awo. Funso lathu ndi lomwe selo limadzifunsa lisanaduke m'chiuno: kodi zonse zakoperedwa? Mnzathu amene akupita kukayamba gulu ku Area 3 kapena ku Kawale, kodi watenga mabuku okha, kapena watenganso kudekha pomvetsera, kuyendera odwala, ndi kusanyoza yankho la munthu wosaphunzira? Takhala naye kangati pamene iye akutsogolera ife tili chete? Akapita, ndani adzamuyendera mwezi woyamba, pamene kamluza sikanamatike? Maselo a thupi akagawikana amakhalabe a thupi limodzi. Amakhalabe pamodzi, akudya magazi amodzi.

Tisanakumanenso, banja lililonse lichite ichi pamodzi ndi ana. Tigule anyezi mmodzi wouma bwino, timukhazike pakamwa pa botolo kapena tambula yodzaza madzi, kunsi kwake kokha kukhudze madziwo. Pakatha masiku atatu kapena anayi mizu yoyera ituluka. Tisankhe muzu umodzi wotalika ngati chala, tiupukute mosamala, ndipo ndi cholembera cha inki yosasungunuka tiike timadontho totalikirana mofanana, kuyambira kunsonga kukwera m'mwamba. Tiubwezere m'madzi. Patapita masiku awiri tiyeze kuti ndi timadontho titi tatalikirana ndipo ndi titi takhala pomwe tinali. Muzu wina tiudule kansonga kake ndi lumo, tione ngati utalikenso. Zimene tapeza tilembe kuseri kwa pepala lino, ndipo tibwere nalo.